Mukakangana za dzina la mwana wamkazi, yesani izi

Kwathu mwana atabadwa panali kamkangano ndithu, agogo ake akuti Mphatso basi, bambo ake akufuna dzina la woyera mtima loti akabatizire ku tchalitchi. Tinatha sabata yathunthu mwana akungotchedwa bebi.

Chomwe chinatithandiza ndi ichi: tengani dzina la Chichewa lomwe mwalikonda, kenako fufuzani dzina la Chigiriki la tanthauzo lomwelo. Ife tinapeza Dorothy. Limachokera ku Dorothea, doron ndi mphatso, theos ndi Mulungu, ndiye kuti mphatso ya Mulungu, Theodora ndi mawu omwewo angowatembenuza. Komanso alipo Dorothea woyera wa ku Caesarea ku Cappadocia, dziko la Turkey masiku ano, anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300 ndipo amakumbukiridwa pa 6 February. Agogo atamva anangoti aaa ndiye ndi Mphatso yemweyo, nkhani inathera pompo.

Ngati mumafuna Mtendere pali Irene, uyunso anaphedwa ku Thessalonica mu 304 limodzi ndi azibale ake Agape ndi Chionia. Agape yo ndi Chikondi. Sophia ndi Nzeru, Zoe ndi Moyo.

Zimayenda chifukwa mayina achigirikiwa ndi mawu wamba a chilankhulo chawo ngati mmene athu alili. Koma chonde gwirizanani spelling musanalembetse setifiketi, Dorothy ndi Dorothea asasiyane pa mapepala, kukonza pambuyo nkovuta.