Mukufuna kugulitsa katundu ku boma? Yambani ndi mapepala

Abale anga a ku Angónia, Tsangano mpaka Macanga, ambiri mumafunsa kuti anzathu amapanga bwanji kuti azipereka nyemba kusukulu zogonera komweko kapena mapepala ndi tinta kumaofesi a distrito. Si mankhwala ayi. Boma likamagula limatsata lamulo la kagulidwe ka boma lotchedwa Decreto 79/2022, limene linalowa m'malo mwa lakale lija la 5/2016, ndipo ofesi iliyonse yogula ili ndi kagulu kake kotchedwa UGEA, amenewo ndi amene amakonza konkuruso (mpikisano wa ofuna kugulitsa ku boma) ndi kulandira mapulopozita (mapepala a mitengo ya opikisanawo).

Koma musadikire kuti konkuruso ituluke mu Notícias kapena aimate pakhoma la ofesi ndiye muziyamba kuthamanga, mwachedwa kale. Khalani ndi NUIT ya bizinesi, alvará (chilolezo cha bizinesi) yogwirizana ndi zimene mumagulitsa (pitani ku BAÚ, ofesi ya boma yopereka zilolezo), kalata ya ku Finanças yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, ndi ina ya ku INSS yosonyeza kuti kumenekonso mulibe ngongole. Makalata awiriwa amatha mphamvu, ndiye muziona deti lake pafupipafupi. Ine ndinaluzapo chonchi, ndinakwera chapa m'bandakucha kuchoka pa Ulongwe envulopu ili pachifuwa ngati khanda, mtengo wanga unali wabwino ndithu, koma ya INSS inali itatha sabata yapitayo ndipo palibe anandimvera chisoni. Lembetsaninso ku Cadastro Único, kaundula wa ogulitsa ku boma amene amayang'aniridwa ndi UFSA (ofesi yoyang'anira kagulidwe ka boma), mukakhala ndi setifiketi yake simuvutika kunyamula mulu wa mafotokope ulendo uliwonse.

Ngati mukungoyamba kumene, konkuruso publiku yaikulu isiyeni kaye, kawirikawiri imafuna garantiya (chikole) ya kubanki kapena ya seguro. Yambani ndi zing'onozing'ono, ya makotasau (pamene ofesi imapempha mitengo kwa ogulitsa angapo) kapena ya pequena dimensão.

Mukatenga dokumento ya konkuruso iwerengeni yonse, ndi Chipwitikizi chokhachokha inde, koma ngati chikuvuta pezani mwana wa sukulu akuthandizeni. Akalemba papel A4 wa magalamu 80 musaike wa 70 poganiza kuti sazindikira. Mtengo muulembe mu metikali, IVA ya 16% ioneke payokha, ndipo transipoti muwerengeretu chifukwa kukafikitsa katundu ku Furancungo nthawi ya mvula si masewera. Sainani, menyani karimbo, tsekani envulopu, ifike ola lisanakwane. Tsiku lotsegula mukakhalepo, amawerenga mitengo poyera, muzilemba ya anzanu m'kope. Mukaona kuti zayenda mokhota muli ndi ufulu wolemba dandaulo, koma masiku ake ndi ochepa kwambiri, onani mu dokumento momwemo.

Mukawina musapereke kanthu ndi mawu apakamwa okha, kontratu isainidwe kaye, ndipo potula katundu wolandirayo asaine gwiya ya remesa (pepala losonyeza katundu amene mwatula) musanapereke fatura. Ndalama imabwera kudzera ku e-SISTAFE, njira ya pakompyuta yolipirira ya boma, molunjika ku akaunti ya kubanki, nthawi zina imachedwa miyezi, ndiye musakatenge katapila wa mwezi umodzi kuti mugulire katunduyo.