Muvi umene mwaujambulanso uja, mwautsegula?

M'miyezi yapitayi, pamene mabungwe ambiri akhala akutseka mabuku ndipo mabwana akufuna malipoti atsopano mothamanga, ndaona cholakwa chimodzi chikubwerezedwa ndi anthu osamalira nkhokwe za deta. Munthu amatsegula chojambula cha kayendedwe ka deta, chija cha mabokosi ndi mivi, n'kuchotsa bokosi limodzi pakati kapena kuwonjezerapo lina. Kenako amakoka muvi watsopano ndi mausi, ndipo akaona kuti chizindikiro chofiira chachoka amasunga fayilo n'kuweruka. Muviwo sautsegula, mizere yodutsamo saiwerenga. Usiku ntchito imayenda yokha, m'mawa zonse zili zobiriwira, koma m'nkhokwe mwalowa zoperewera.

Sinditaya nthawi kufotokoza kuti deta imatengedwa kugwero, kukonzedwa pakati, n'kukathiridwa m'matebulo a m'nkhokwe. Amene mukuwerenga izi mumazichita tsiku ndi tsiku. Chimene ambiri mwaiwala n'chakuti muvi suli pachojambulapo kuti pakongole. Mkati mwake muli mndandanda wa makolamu onse odutsa pamenepo, mtundu wa deta ya kolamu iliyonse, kutalika kwake, ndiponso kumene yachokera. Mukaufufuta n'kujambula wina pamalo omwewo, maso amaona muvi wofanana ndi wakale, koma zam'kati zikhoza kukhala zina.

Tiyambe ndi SSIS, pulogalamu ya Microsoft yosamutsira deta, imene inabwera ndi SQL Server 2005 kulowa m'malo mwa DTS, pulogalamu yakale ya ntchito yomweyi. Kolamu iliyonse yoyenda mu Data Flow, chojambula cha kayendedwe ka deta chija, imadziwika ndi bokosi limene linaitulutsa. Mukachotsa bokosilo n'kuika lina, ngakhale mutalipatsa dzina lomwelo, mabokosi a kumunsi akhoza kusokonezeka, chizindikiro chofiira n'kuoneka. Apa pulogalamu yakuchenjezani bwino lomwe. Vuto limayamba ndi dzanja lanu. Mumatsegula Resolve References, tsamba lolumikiziranso makolamu, mumaona makolamu ena asowa anzawo, ndipo m'malo mowalumikiza mmodzimmodzi mumasankha kuti osowa anzawowo angofufutidwa. Chofiira chija chimachokadi. Koma pitani kubokosi lomaliza, lothira m'tebulo, mutsegule tsamba la Mappings, loonetsa kumene kolamu iliyonse ikukathira. Mupeza kolamu imodzi kapena ziwiri zalembedwa kuti ignore, kutanthauza kuti zisiyidwe. Ngati tebulolo limalola NULL, ndiye kuti mpata wopanda kanthu, pamenepo, palibe chimene chidzadandaule. Mizere yonse idzalowa, chiwerengero chake chidzakwana, koma kolamu ya tsiku kapena ya nambala ya kasitomala idzakhala yopanda kanthu.

China mu SSIS momwemo: bokosi la Conditional Split, logawa mizere potsatira malamulo, lili ndi khomo lotulukira mizere imene sinakwaniritse lamulo lililonse, ndipo Lookup, imene imafufuzira mzere mnzake m'tebulo lina, kuyambira mu 2008, ili ndi khomo la mizere imene sinapeze mnzake. Khomo likapanda kulumikizidwa ndi muvi, mizere yofika pamenepo imangotayika. Sipakhala uthenga, sipakhala chofiira. Ndiye munthu akuyalanso chojambula, wachotsa muvi wa khomo limenelo kuti aone bwino za pansi pake, foni yalira, ndipo pobwerera waiwala kuubwezeretsa.

Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Pentaho Data Integration, ija Matt Casters anayamba ndi dzina la Kettle, musaganize kuti mwapulumuka, chifukwa kwanu ndiye ndaonako zoopsa kwambiri. Mu SSIS khomo limodzi limalandira muvi umodzi basi, ndipo ukafuna kuti deta ipite mbali ziwiri umaika bokosi la Multicast. Mu Spoon, pulogalamu yojambulira ya Pentaho, mukhoza kukoka muvi wachiwiri kuchokera pabokosi lomwelo, ndipo pulogalamu imakufunsani funso: Distribute kapena Copy? Copy imatumiza mzere uliwonse ku mivi yonse iwiri. Distribute imagawa mosinthana, mzere woyamba uku, wachiwiri uko, wachitatu ukunso. Tiyerekeze kuti gwero latulutsa mizere 10,000. Mukadina Distribute pamene mumafuna Copy, tebulo lanu lakale, limene lakhala likulandira zonse kwa zaka, lilandira 5,000 ndipo latsopanolo 5,000. Funsolo limabwera pasikirini kamodzi, munthu amadina asanawerenge, ndipo chojambula chimaoneka bwinobwino. Apache Hop, imene inaphuka kuchokera ku Kettle, inatengera khalidwe lomweli la kugawa kapena kukopera.

Nditafotokoza zimenezi kwa bambo wina, mlimi wa mthirira amene mwana wawo amagwira ntchito imeneyi, anandidula pakamwa. “Alangizi, zimenezo nzodziwika. Ine ndinatsegula ngalande yatsopano kuchokera ku yaikulu kuti madzi afike kumabedi amene ndinawonjezera. Ndinkaima pamwamba n'kumaona madzi akuyenda m'ngalande zonse ziwiri, mtima m'malo. Patadutsa masabata awiri mbewu za kumabedi akale zinayamba kufota. Madzi ankapitadi, koma theka. Ndikanakumba ndi chala kumapeto kwa bedi tsiku loyamba lomwelo, ndikanadziwa.”  Iwo mbewu zinawauza pofota. Tebulo silifota, limangokhala chete ndi theka lakelo mpaka wina wa ku akaunti adabwe ndi lipoti.

Mu Spoon mulinso kamsampha kena kakang'ono. Kudina pa muvi kamodzi kumauzimitsa, umasanduka wotuwa, ndipo deta sidutsanso. Pokoka mabokosi uku ndi uku n'kosavuta kuudina mwangozi. Pachojambula cha mabokosi asanu mungaone msanga. Pa cha mabokosi 60, chochepetsedwa kuti chikwane pasikirini, muvi wotuwa pakati pa anzake sauona munthu.

Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Informatica PowerCenter, inu msampha wanu ndi Autolink. Imalumikiza yokha madoko, ndiwo makolamu, a mabokosi awiri potsatira dzina kapena potsatira malo. Potsatira malo, loyamba limapita kwa loyamba, lachiwiri kwa lachiwiri. Wina akalowetsa kolamu yatsopano pakati pa mndandanda, zonse za m'munsi zimasuntha ndi sitepe imodzi, ndipo ngati mitundu ya deta ikugwirizana, mtengo wogulira ukathera m'kolamu ya mtengo wogulitsira popanda chokuletsani.

Tsono kuwononga kwake. Cholakwa chimene chimagwetsa ntchito usiku n'chotsika mtengo, chifukwa m'mawa mumachipeza n'kuchikonza. Ichi cha muvi sichigwetsa kanthu, n'chifukwa chake chimakhalitsa. Usiku uliwonse chimawonjezera mizere yolakwika pamwamba pa ya dzulo. Matebulo a zotsatira za mwezi amawerengera kuchokera pa mizere yomweyo. Malipoti amapita kwa mabwana, mabwana amaitanitsa katundu, amagawa ndalama, amadzudzula nthambi imene ikuoneka ngati yagulitsa zochepa pamene anthu ake agwira ntchito bwino. Ndaona woyang'anira nthambi akufunsidwa mafunso owawa chifukwa cha muvi umodzi umene sanauonepo n'komwe.

Mukachipeza, kukonza muviwo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chovuta ndi kubweza masiku onse amene adutsa. Muyenera kudziwa tsiku lenileni limene munasintha, kufufuta zimene zinalowa kuyambira pamenepo, n'kuthiranso. Koma magwero ambiri sasunga za kale. Fayilo ya dzulo imalembedwa pamwamba ndi ya lero, ndipo pulogalamu ya kugwero imaonetsa mmene zinthu zilili panopa, osati mmene zinalili mwezi watha. Choopsa koposa chili pa matebulo ofotokoza makasitomala ndi katundu. Mwa njira zimene Ralph Kimball, katswiri wa nkhokwe za deta, anaphunzitsa zosamalira zinthu zosintha pang'onopang'ono, ya Type 1 imalemba zatsopano pamwamba pa zakale. Muvi ukabweretsa NULL kumeneko, adiresi yolondola ya kasitomala imafufutika n'kulowa mpata. Ya Type 2 imatsegula mzere watsopano ikaona kusintha, ndiye imaona ngati makasitomala onse asintha usiku umodzi n'kutseka mizere yawo yabwino. Kumasula zimenezi kumadya masiku a anthu angapo, ndipo pambuyo pake lipoti lililonse lochokera m'nkhokwemo anthu amaliyang'ana ndi diso lokayika. Ena amabwerera ku mafayilo awo a Excel, nkhokwe yonse imene bungwe linalipirira n'kukhala yongoonerera.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti zambiri mwa izi zimachokera ku zizolowezi zakale zimene tikukakamira popanda chifukwa. Alipo amene anaphunzira SSIS isanafike 2012, nthawi imene munalibe Undo, batani lobweza zimene wachita, ndipo mpaka lero njira yawo yodzitetezera ndi kukopera fayilo n'kuipatsa dzina lakuti yatsopano, yatsopano2, yomalizadi. Mukawafunsa kuti imene ikuyenda pa seva ndi iti, amayamba kutsegula imodzimodzi. Fayilo ya SSIS (dtsx) ndi ya Pentaho (ktr) zonse ndi XML, ndiye kuti ndi malemba owerengeka. Zimalowa mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, ngati mafayilo ena onse. N'zoona kuti kuwerenga kusiyana kwa XML yotereyi n'kotopetsa, chifukwa ngakhale kusuntha bokosi pang'ono kumalembedwa m'fayilomo. Komabe mumadziwa tsiku, mumadziwa munthu, ndipo mukhoza kubwerera.

Alipo amene bokosi likadandaula amathamangira ku Ignore failure, lamulo louza bokosi kuti linyalanyaze cholakwa. Ati ntchito isaime usiku, angadzutsidwe. Ndikumvetsa, tulo n'tofunika. Koma mu SSIS muli muvi wofiira umene unaikidwa kuti mizere yolakwika ipite ku tebulo lake mukaione m'mawa. Kuuza bokosi kuti lisamadandaule sikuchiritsa mzere, kumangoulowetsa m'nkhokwe ndi chilema chake.

Alipo amene satchula mabokosi mayina. Chojambula chonse chadzaza Derived Column 1, Derived Column 2, Lookup 3, Lookup 4. Nanga mudziwa bwanji kuti muvi mwaubweza pabokosi loyenera, mabokosi onse ali ndi nkhope imodzi ndi dzina limodzi? Ndipo akakopera bokosi, latsopano limakagwera pafupi kwambiri ndi lakale, nthawi zina kuliphimba, mivi n'kumaoneka ngati ikuchokera pamalo amodzi. Ena amasiya mabokosi oyeserera kutali kumphepete, kumene sikirini siifika, ataiwala kuti akadali olumikizidwa. Chojambula chikakula kupitirira zimene maso angatsate popanda kuchichepetsa mpaka zilembo kusawerengeka, chakula mopitirira. Chiduleni zigawo, chilichonse chithire m'tebulo la pakati, kuti mukhale ndi malo oimapo n'kuwerenga.

Ndamvanso akuti, “Ndinadina Auto Layout, zonse zaima bwino.” Kuyala mabokosi mwadongosolo n'kwabwino, kumathandiza kuona muvi wosokera, ndipo ndimalimbikitsa. Koma Auto Layout imasuntha zithunzi basi. Muvi wolakwika imauongola n'kuusiya wolakwika.

Malo atsala ochepa, ndiye zoyenera kuchita ndizinena mwachidule. Musanakhudze chilichonse, yendetsani ntchitoyo pa deta yoyeserera n'kulemba chiwerengero cha mizere pa muvi uliwonse. SSIS imachionetsa pa mivi pomwepo ikamayenda, Pentaho imachionetsa pa Step Metrics. Mukasintha, yendetsaninso pa deta yomweyo n'kufananiza. Zolowa zifanane ndi zothiridwa kuphatikiza zokanidwa. Mu SSIS, muvi uliwonse umene mwaujambulanso udineni kawiri muone Metadata, mndandanda wa makolamu uja, kenako tsikirani kubokosi lomaliza muone Mappings kolamu ndi kolamu, popeza chiwerengero cha mizere chokha sichigwira kolamu yopanda kanthu. Ikani Data Viewer kapena gwiritsani Preview muone mizere ingapo ndi maso anu. Mu PowerCenter dinani doko ndi batani lakumanja, musankhe Select Link Path, mutsate kolamu kuchokera kugwero mpaka kumapeto, ndipo mukasintha kutalika kapena mtundu wake gwiritsani Propagate Attributes. Mu Spoon onani Data movement pa bokosi lililonse lotulutsa mivi iwiri. Pa Copy mivi imakhala ndi kachizindikiro, kakapanda kuoneka fufuzani. Khomo lililonse likhale ndi muvi, ngakhale wopita kubokosi la Row Count mu SSIS kapena la Dummy mu Pentaho, kuti zotayidwa ziziwerengedwa. Kuyala mabokosi ndi kusintha kayendedwe musazisunge limodzi mu Git, chilichonse chikhale pachokha. Lembani kachikalata pachojambulapo konena zimene mwasintha ndi tsiku lake, ndipo mnzanu wina achitsegule asanachitumize ku seva.