Kutsuka ndi Kufewetsa Maloko Akale Osawawononga

Loko akayamba kulimba, anthu ambiri amathamangira botolo la mafuta ophikira kapena oilo wa galimoto n'kuthira m'bowo la kiyi. Kwa masiku angapo kiyi amazungulira bwino, koma pakapita miyezi loko uja amalimba kuposa kale, chifukwa mafuta ophikira akakhalitsa pa mphepo amasanduka ulimbo, ndipo oilo amagwira fumbi lonse la m'chilimwe n'kulisandutsa phala lakuda. Maloko ambiri akale amavuta chifukwa cha litsiro ndi dzimbiri, choncho ntchito yeniyeni ndi kutsuka, ndipo kufewetsa kumabwera pambuyo pake.

Musanamasule kanthu, yesani lokoyo chitseko chili chotsegula. Ngati kiyi akuzungulira mosavuta chitseko chili chotsegula koma akukana chikatsekedwa, loko alibe mlandu: mwina thabwa lafufuma ndi chinyontho cha m'dzinja, kapena mahinji alekerera ndipo mpiringidzo sukulunjika pabowo la pa felemu. Kumanga masikuluwu a mahinji kapena kukulitsa pang'ono bowolo ndi tupa kumathetsa vutoli. Yang'ananinso kiyi weniweniyo, pakuti kiyi wopindika kapena wotha mano sangachiritsidwe ndi mafuta a mtundu uliwonse.

Kenako dziwani mtundu wa loko amene muli naye. Maloko olowa mkati mwa thabwa la chitseko, otsegulidwa ndi kiyi wamtali wa mano kumapeto, amagwira ntchito ndi timapale tachitsulo totchedwa maliva, ndipo njira imeneyi inakhazikitsidwa ndi Robert Barron ku England mu 1778. Maloko a kiyi wophwatalala wa mano ngati a sowo, kuphatikizapo maloko ambiri opachika, ali ndi timapini tokankhidwa ndi timasipuling'i tating'ono kwambiri, monga mwa luso limene Linus Yale Jr. analembetsa ku America mu 1861. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa loko wa maliva mukhoza kumutsegula n'kumutsuka ndi manja anu, pamene wa timapini ndi bwino kumutsuka kudzera m'bowo la kiyi osamuphwasula.

Pa loko wa maliva, konzekerani sikuludiraiva, parafini pang'ono m'chitini, mswachi wakale, nsalu youma, pensulo yofewa ndi girisi wochepa. Chotsani zogwirira mbali zonse ziwiri, solorani kachitsulo ka ngodya zinayi kamene kamazilumikiza, masulani masikuluwu a m'mphepete mwa chitseko ndipo kokani bokosi lonse la loko. Liikeni pa tebulo poyala nsalu yoyera, mumasule chivundikiro chake pang'onopang'ono mutachipanikiza ndi chala, chifukwa masipuling'i a mkatimo amatha kudumpha, ndipo akagwera pa dothi kuwapeza n'kovuta.

Chivundikiro chikangochoka, jambulani chithunzi ndi foni musanakhudze chilichonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amawonongera loko wabwino. Maliva amaoneka ofanana koma sadulidwa mofanana, ndipo lililonse limayenderana ndi dzino lake la pa kiyi. Mukasinthanitsa awiri okha, kiyi wanu yemweyo akhoza kulephera kutsegula. Achotseni limodzilimodzi, muziwayala pa nsalu motsatana kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuti pobwezera muyambe ndi lomaliza kuchotsedwa. Mkati mwa bokosilo nthawi zambiri mumapezeka fumbi lolimba m'makona, utoto wouma umene unadontheramo popenta chitseko, ndiponso zisa za akangaude. Tsukani zonsezi ndi mswachi woviika m'parafini, kutali ndi moto kapena mbaula, ndipo pamene pali dzimbiri pakeni mofatsa ndi waya wotsukira mapoto. M'mphepete mwa maliva, mmene kiyi amagunda, musapalemo ndi tupa kapena sandipepa, chifukwa kuchotsako ngakhale pang'ono kumasintha muyeso wake. Pukutani zonse ndi kuziyanika padzuwa mpaka ziumiretu.

Pofewetsa, girisi apite pa mpiringidzo, pa kalilime kamene kamagwira chitseko, ndi pamene kachitsulo ka zogwirira kamazungulira, ndipo akhale wochepa kwambiri, wongowalitsa chitsulo. Pakati pa maliva pasapite girisi, chifukwa amawamatiriza pamodzi kotero kuti amakwera awiriawiri m'malo moyenda lililonse palokha. M'malo mwake akhwekhwerezeni ndi pensulo mbali zonse. Mtima wakuda wa pensulo ndi graphite wosakaniza ndi dongo, ndipo graphite amaterera ali wouma, osagwira fumbi. Pensulo zolembedwa 4B kapena 6B zili ndi graphite wambiri kuposa za HB zimene ana amalembera kusukulu, choncho ndizo zoyenera kufuna. Mukabwezera zonse, yesani kiyi mbali zonse ziwiri loko akadali m'manja, kenako muyesenso atalowa m'chitseko chotsegula, musanadzitsekere m'nyumba.

Loko wopachika wa pa geti kapena pa sitolo amavutika kwambiri chifukwa amagona panja. Thirani parafini kapena WD-40 m'bowo la kiyi ndi m'mabowo awiri amene chitsulo chopindika chimalowa, lowetsani kiyi ndi kumutulutsa kangapo mukumupukuta nthawi iliyonse, ndipo pitirizani mpaka madzi otuluka asiye kuda. WD-40, amene anapangidwa ku San Diego mu 1953 kuti azichotsa chinyontho pa zitsulo, ndi wabwino potsuka ndi pomasula dzimbiri, koma kufewetsa kwake sikukhalitsa, choncho musamuone ngati mankhwala omaliza. Pachikani lokoyo bowo la kiyi litaloza pansi kuti adonthe ndi kuuma tsiku lathunthu. Akauma, pakani pensulo pa mano a kiyi mpaka ade bii, mulowetse ndi kuzunguliza kangapo, mubwereze kawiri kapena katatu. Kuuma kumeneku sikoyenera kudumphidwa, pakuti graphite akakumana ndi mafuta amapanga phala lomwe lija limene mumafuna kuchotsa. Kumadera achinyontho chambiri, monga m'mphepete mwa nyanja, mankhwala opopera ouma a PTFE (pulasitiki woterera wodziwikanso kuti Teflon) amachita bwino kuposa graphite ngati mungawapeze ku hadiweya.

Ngati kiyi akukanabe, musamukakamize ndi pulayazi kapena kulowetsa msomali m'bowo lake kuti mupeze mphamvu, chifukwa makiyi ambiri ophwatalala ndi a chitsulo chofewa ndipo amathyokera mkati. Sipuling'i yothyoka kapena timapini totha ndi ntchito ya mmisiri wa maloko, ndipo mukamadulitsa kiyi wina perekani kiyi woyambirira, osati wodulitsa kale, chifukwa zolakwika zimachuluka pa kudula kulikonse. Nthawi yabwino yochita ntchito yonseyi ndi mwezi wa Okutobala, fumbi litachuluka koma mvula isanayambe, ndipo loko wa pa geti mumuphimbe ndi chidutswa cha chubu chakale cha tayala chokhomedwa pamwamba pake kuti madzi asamalowe m'mabowo a chitsulo chopindika chija.