Kuonera zamoyo ndi kuperepeseka kwa matanthwe ku St James

Mwafunsa mmene mungaonere tizilombo ta m'zithaphwi za pamiyala komanso mmene nyanja ikudyera gombe. Nayi ndondomeko ya ku St James, m'gombe la False Bay ku Cape Town.

Yambani ndi kuona pa intaneti nthawi imene madzi aphwe. Kusiyana ndi nyanja ya Malawi, kuno madzi amadzaza n'kubwerera kawiri patsiku. Amaphwa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa. Fikani kudakali ola limodzi, mutavala nsapato zosaterera.

Mukapeza chithaphwi, khalani pansi osagwedezeka, mthunzi wanu usagwere m'madzi. Apa mpofunika kudekha. Poyamba muona ngati mulibe kanthu, kenako tinsomba ta klipfish tiyamba kutuluka, ma anemone (tizilombo tooneka ngati maluwa) atambasula timanja tawo, nkhanu n'kusuzumira m'ming'alu. Mukatembenuza mwala, ubwezereni mmene unalili, chifukwa zokhala pansi pake zimafa ndi dzuwa. Musatole chilichonse: malowa ndi otetezedwa, ngakhale kuwedza nkoletsedwa.

Kenako yang'anani thanthwe lenilenilo. Funani maenje osalala okhala ndi timiyala mkati. Mafunde amazunguza timiyalato, tikumapera thanthwe ngati mphero. Jambulani mng'alu umodzi mutaika kobiri pambali kuti kukula kwake kudziwike, mudzajambulenso ikatha mikuntho ya June mpaka August.

Nyanja musaifulatire. Madzi akayamba kudzaza, tulukani msanga.