Mmene Mungakhalire Bwino ndi Matenda a Shuga Osasiya Nsima

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, malangizo amamugwera ngati mvula: wina amati asiye nsima, wina amati azimwa madzi a masamba owawa m'mawa uliwonse, ndipo wina amafika ndi botolo la zitsamba lomwe akuti linachiza mlamu wake. Ambiri amadzimana chakudya mwezi umodzi kapena iwiri, amafooka, kenaka amatopa nazo n'kubwerera ku kadyedwe kakale. Matendawa ndi amgonagona, ndipo amene amakhala nawo zaka zambiri ali amphamvu ndi omwe amachita zinthu zochepa zomwezo tsiku ndi tsiku, pa nthawi yake ndiponso pa mlingo wake.

Yambani ndi mbale yanu. Nsima isathawidwe, koma ichepe, ndipo ikhale ya mgaiwa ngati n'kotheka, chifukwa chimanga chosakonola chimakhala chidakali ndi gaga amene amathandiza kuti shuga asalowe m'magazi mwaliwiro. Komabe mgaiwa si mankhwala, ndipo mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga ndithu. Tengani mtanda umodzi waukulu ngati chibakera chanu, theka la mbale likhale la masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru kapena therere, ndipo malo otsalawo akhale a nyemba, nandolo, usipa, matemba, dzira kapena nyama yopanda mafuta. Kondowole, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi ndi nthochi zophika zili m'gulu limodzi ndi nsima, choncho mukadya china mwa izi chilowe m'malo mwa nsimayo, chisakhale chowonjezera.

Kumene anthu ambiri amagwera ndi ku zakumwa, popeza chakumwa sitichiwerengera ngati chakudya. Tiyi wa masipuni atatu, thobwa lothira shuga, Sobo ndi Fanta zimakweza shuga mofulumira kuposa nsima imene timaiopayo, ndipo uchi kapena shuga wabulawuni si pothawira. Nyengo ya mango ikafika, idyani bango limodzi laling'ono, osati kukhalira beseni pansi pa mtengo; nzimbe zokha ndi bwino kungozisiya.

Nthawi ya chakudya iyenera kuyendera limodzi ndi mankhwala. Mapiritsi a metformin amamwedwa pamodzi ndi chakudya kuti asavutitse m'mimba, pamene mapiritsi a glibenclamide ndi jakisoni wa insulin amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye, ndipo apa ndi pamene pali ngozi kwa mlimi amene amamwa mankhwala mbandakucha, n'kunyamula khasu ali chosadya mpaka dzuwa lifike paliwombo. Shuga akatsika kwambiri, kutanthauza pansi pa 70 mg/dL kapena 3.9 mmol/L pa kachipangizo koyezera shuga m'magazi, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva njala yoopsa ndi chizungulire, mtima umathamanga, ndipo nthawi zina amalankhula zosamveka mwakuti odutsa amangoti waledzera. Mukamva zimenezi siyani ntchito, sungunulani masipuni ang'onoang'ono atatu a shuga m'madzi n'kumwa, kapena imwani theka la tambula ya Fanta, ndipo dikirani mphindi 15. Ngati simunapezebe bwino bwerezani, kenaka idyani chakudya chenicheni kuti shugayo asatsikenso. Muziyenda ndi maswiti atatu kapena anayi m'thumba, ndipo a pabanja panu adziwe kuti munthu wokomoka samwetsedwa chilichonse, chifukwa akhoza kutsamwa: amgoneke chammbali, ampake shuga pang'ono m'kati mwa tsaya, ndi kuthamangira naye kuchipatala. Mowa, kaya kachasu kaya masese, umatha kutsitsa shuga patapita maola angapo, munthu ali m'tulo.

Amene amabaya insulin amavutika ndi kasungidwe, makamaka kumudzi komanso m'tauni momwe magetsi amazimazima. Mufiriji, botolo liikidwe poti lisaume n'kukhala ayezi, chifukwa insulin woundana ndi wotayika. Popanda firiji, mtsuko wadothi umathandiza kwambiri. Tengani mphika waung'ono wadothi muulowetse mu mtsuko waukulu, thirani mchenga pakati pa ziwirizo, nyowetsani mchengawo, ikani botolo m'kachidebe kotseka bwino kuti chizindikiro chake chisafufutike, lowetsani kachidebeko mumphika waung'onowo, ndipo vundikirani ndi nsalu yonyowa pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma amachoka ndi kutentha, n'chifukwa chake mchengawo uyenera kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, makamaka m'mwezi wa Okutobala kumadera otentha ngati Nsanje ndi Chikwawa. Botolo lotsegula lomwe silili mufiriji ligwiritsidwe ntchito pafupifupi masiku 28, ndipo muzisinthasintha malo obaya pamimba ndi pantchafu kuti pasachite zotupa zouma.

Nkhani imene ndimaona kuti imanyozeredwa kwambiri ndi ya mapazi. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga mitsempha ya kumiyendo, mwakuti mapazi amayamba kuchita dzanzi kapena kuotcha usiku, ndipo m'kupita kwa nthawi amasiyiratu kumva. Munthu amaponda munga kudimba, kapena kamwala kamakhala mu nsapato tsiku lonse, iye osamva kanthu, ndipo amadzadziwa kuti pali bala masokosi atayamba kununkha. Miyendo yambiri imene imadulidwa inayamba ndi kabala kotere. Madzulo aliwonse mukasamba, khalani pampando pamalo owala, yang'anani pamwamba pa phazi, kuchidendene ndi pakati pa zala chimodzichimodzi, ndipo ngati simungathe kuwerama, ikani kagalasi pansi kapena pemphani mwana wamaso akuthwa akuonereni kuphazi. Pukutani bwino pakati pa zala, pakani Vaseline m'ming'alu ya kuchidendene koma osati pakati pa zalapo, popeza chinyontho chimayambitsa matenda a pakhungu. Madzi osamba muziwayesa ndi chigongono, osati ndi phazi. Musayende chosavala ngakhale pabwalo lanu lomwe, kutumulani nsapato musanavale, ndipo zikhadabo muziwenga mowongoka, osati ndi lezala. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi valani masokosi m'malo mowothetsa mapazi pa mbaula, chifukwa phazi losamva limapsa mwiniwake akucheza. Thekenya likalowa musalizule ndi phini, ndipo bala lililonse, thuza kapena chala chimene chasintha mtundu chionedwe kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake, chisanathiridwe phulusa kapena zitsamba.

Za kulimbitsa thupi sizifuna mawu ambiri. Amene amalima ndi kutunga madzi amachita kale zokwanira, koma wokhala mu ofesi ayende ndawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu, ngakhale kutero kutanthauze kutsika minibasi siteji imodzi asanafike kwawo.

Tsiku la kliniki lisamaphonyedwe chifukwa chakuti mukumva bwino, popeza shuga amawononga maso, impso ndi mtima mwakachetechete. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zimaona odwala shuga, chimodzimodzinso zipatala za m'maboma. Nyamulani buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala amene mukumwa, ndipo pitani mankhwalawo asanathe. Pemphani kuti akuyezeni BP ulendo uliwonse, maso ndi impso kamodzi pa chaka, ndipo vulani nsapato musanauzidwe kuti adokotala aone mapazi. Kwa akuluakulu ambiri shuga wa m'mawa asanadye amayenera kukhala pakati pa 80 ndi 130 mg/dL, koma mlingo wanuwanu mugwirizane ndi amene amakuonani. Mukadwala malungo kapena kutsegula m'mimba shuga amatha kukwera ngakhale simukudya, choncho musasiye insulin mwa inu nokha. Imwani madzi ambiri, ndipo ngati mukusanza pitani kuchipatala osadikira. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chiyezedwe, chifukwa TB imagwira odwala shuga mosavuta. Abambo amene aona kuti mphamvu zachepa m'nyumba anene kwa adokotala mopanda manyazi, popeza ili ndi vuto lodziwika la matendawa, si kulodzedwa. Ofuna kusala kudya, kaya ndi pa Ramadan kaya kutchalitchi, akambirane kaye kuchipatala za kasinthidwe ka mankhwala.

Chovuta china ndi kukhala pakati pa anthu. Paukwati amakupatsani botolo lachakumwa m'manja, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano, koma kunena mwaulemu kuti muli ndi shuga ndipo mukupempha madzi kumathetsa nkhaniyo, ndiponso kumachititsa kuti pakhale wina wodziwa chochita mutagwa. Pamaliro vuto limakhala la nthawi, popeza nsima imatha kufika anthu atabwerera kumanda dzuwa litapendeka. Popita kumeneko idyani kaye kunyumba, ndipo m'thumba kapena m'chikwama mukhale mtedza wokazinga, kambatata kophika ndi maswiti aja, kuti mudye pa ola lanu la masiku onse ngakhale mwambo usanathe.