Timagetsi ta sola tinkazima 8 koloko

Kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndinazika timagetsi ta sola 6 m'mbali mwa kanjira kopita kudimba, koma June atafika tinkazima 8 koloko isanakwane, mayi akunyumba mpaka anapunthwa pa paipi. Ndinapukuta fumbi, ndinagula mabatire atsopano a 1.2V madola 5, koma ayi ndithu zomwezo.

Kani vuto linali mthunzi. Ku Harare kuno nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye durawall (mpanda wa simenti) ndi mtengo wa mapeyala zinkaphimba timapanelo pafupifupi tsiku lonse. Loweruka ndinakhala ndikulondola mthunzi, 10 koloko, 12 ndi 3 koloko, n'kumaika miyala pomwe dzuwa silikuchoka, kenako ndinazula timagetsi n'kutizika pamiyalapo, nthambi ziwiri ndinasadza ndi chikwanje. Pano tikuwala mpaka pakati pa usiku. Mabatire akale aja ndinangowataya ali bwinobwino, zimandiwawabe.