Mwana akapsa ndi madzi otentha

Musataye nthawi kufunafuna mankhwala. Thamangani naye pampopi, muthire madzi ozizira pamene wapsapo kwa mphindi 20 zathunthu. Alira, inde, koma musasiye msanga, chifukwa kutentha kumapitirizabe kulowa m'kati mwa khungu. Madzi oundana ayi, amawononga khungu.

Muvuleni chibangili kapena mphete malowo asanatupe. Chovala chikamatirira pachilonda, chisiyeni, osachikoka.

Chimene chimandipweteka mtima ine ndi kuona anthu akupaka mankhwala otsukira mano kapena mafuta pachilonda. Zimenezi zimatsekera kutentha m'kati, zimalowetsanso tizilombo. Matuza osawaphulitsa. Phimbani ndi nsalu yaukhondo, ndipo ngati wapsa kumaso, m'manja, kumaliseche kapena malo oposa chikhatho chake, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.